Chingwe cha Miyendo ya Inkar

Anandiuza tikutsitsa katundu m'galimoto. Ndinali nditanyamula mphika wa nyama ya hatchi, wotentha moti ndinaugwirira ndi manja a juzi, pamene mkulu wanga Saltanat anandiyandikira n'kulankhula akuyang'ana kwina.

"Meruert, zinthu zasintha pang'ono. Chingwe adula Azakhali a Makiyi."

Azakhali a Makiyi ndi mayi Raushan, mng'ono wawo wa apongozi a Saltanat. Mtengwa satchula maina a akuchimuna, choncho Saltanat anawapatsa dzina limeneli chifukwa cha mulu wa makiyi a masitolo awo a mankhwala, umene sautula m'manja ngakhale pakudya.

"Munati ndidula ine."

"Ndinatero, inde. Katule kaye mphikawo, upsa."

"Munanena pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha Nauryz, alamu ali pomwepo."

"Osati pano, iwe."

Ananyamula thumba la makapu n'kutsogola. Ndinamutsatira ndi mphika wanga, nthunzi ikundilowa m'maso.

Mwana akangoyamba kuponya mapazi yekha, timamumanga timiyendo ndi chingwe chopota cha ubweya wakuda ndi woyera, ndipo munthu mmodzi amachidula pamaso pa abale. Mwanayo amatengera mayendedwe a wodulayo. Akakhala wachangu, mwana adzakhala wachangu. Akakhala wopunthwapunthwa, mwana adzapunthwa moyo wake wonse. N'chifukwa chake mpeni sapatsa munthu wamba.

Ine ndinabwera mumzinda wa Pavlodar chaka chatha, nditamaliza sekondale. Mayeso ndinakhoza, koma osati mokwanira kuti boma lindilipirire ku yunivesite. Amayi anati m'malo mokhala kumudzi n'kumangoyang'ana ng'ombe, ndipite ndikalere Inkar, mwana wa Saltanat, kuti iye abwerere ku ntchito yake ya ku banki. Inkar anaphunzira kukhala pansi atatsamira mimba yanga. Dzino lake loyamba linaluma chala changa. Tsiku limene anasiya mwendo wa tebulo n'kuyenda yekha mpaka pa mawondo anga, Saltanat anazionera pa foni ali ku ntchito. Chingwe ndinapota ndekha, ndi ubweya wa nkhosa zathu umene amayi anatumiza pa basi. Iwowo sanabwere chifukwa ng'ombe inali pafupi kubereka, kotero wakuchikazi pa mwambowo ndinali ine ndekha.

Alamu anga a Darkhan, amuna a Saltanat, anali atalipirira chisakasa chimodzi m'paki ija ya kunja kwa tauni, pamene mtsinje wa Ertis umakhotera m'nkhalango. Titafika tinapeza abale awo atayala kale makapeti. Aliyense ankanunkhira ngati keke, chifukwa cha vanila wosakaniza ndi mafuta amene timadzola mu Juni kuti tintchentche toluma tija titisiye. Ine ndinali nditadzoza Inkar khosi, makutu ndi timanja, n'kuiwala kudzola ndekha.

Apongozi a Saltanat, mayi Kulyash, anali pakati pa chisakasa ndi mpango wawo woyera, akuloza ndi sipuni.

"Ika apo. Ayi, apo. Mwana ameneyu amamva koma?"

Ndinatula mphika n'kugwada kuseri kwa mzati kuti ndiyale timandasi m'mbale. Sanadziwe kuti ndikadali pomwepo, kapena anadziwa.

"Si paja munati adula mng'ono wake wa mtengwa?" anafunsa mayi wina amene ankadula buledi.

"Zimenezo anapangana okha kuchipinda," anatero mayi Kulyash. "Ndi mtsikana wabwino, sindikukana. Manja ake ndi aukhondo. Koma mwamuona poyenda? Ngati wataya ndolo. Ukamupatsa moni amayankha nsapato zako. Ndiye mdzukulu wanga azidzayankha nsapato za anthu?"

Azimayiwo anaseka, osati mwankhanza ayi, koma monga amasekera anthu akamva chinthu chimene onse ankachidziwa kale. Ndinapitiriza kuyala timandasi tija mpaka mbale inadzaza, kenako ndinayamba kutisanja mwa ukulu wake.

Panja alamu ankakupiza makala ndi katoni. Atandiona anaika dzanja pamtima.

"Mlamu wanga wapamtima wakwiya. Usatero, maluwa anga. Chingwe cha mwana wachiwiri ndi chako, ndalumbira. Ndiyamba kumukonza lero lomwe."

Saltanat anawagenda ndi anyezi. Amuna amene anali pa makala anaseka mpaka kutsokomola. Masiku ena nthabwala za alamu ndimaziseka, ngakhale ndimasekera m'manja. Tsiku limeneli ndinangoona kuti nawonso ankadziwa, mwina kuyambira sabata yatha, ndipo m'mawa anandiona ndikusita diresi yanga yobiriwira osanena kanthu.

Kenako kunabwera uthenga woti mayi Raushan achedwa, ali ndi alendo kusitolo, anthu ayambe kumwa tiyi. Onse anathamangira ku makapu. Ine ndinatulukira kumbuyo kwa chisakasa, n'kudutsa pamene panaima magalimoto, n'kulowa m'kanjira kopita m'nkhalango. Chingwe chinali m'thumba la juzi yanga, ndipo ndinkadziwa kuti chili mmenemo.

Pakiyi ndinali nditangoionapo pa zenera la basi, ndipo kwa milungu ingapo ndinkaganiza kuti mwambo ukadzatha ndidzatenga Inkar n'kuyenda naye m'kanjira kameneka pang'onopang'ono, ndikumuonetsa zinthu. Zinthuzo zinalipo. Mitengo ya popula inali ikutaya thonje lake, ndipo linadzaza m'mbali mwa njira ngati chipale chofewa chimene chaiwala kusungunuka. Pa makungwa a mtengo uliwonse panali mzere wa matope ouma, wofika pachifuwa panga, wosonyeza pamene madzi osefukira anafika mu Epulo. Pamwamba pa mzerewo makungwa anali oyera, pansi pake otuwa. M'nthambi zam'munsi munakodwa udzu wouma, wonse woloza mbali imodzi, kumene madzi analowera. Ndinaziona zonsezi, chifukwa maso anga sasiya kuona ngakhale ndikwiye, koma sizinandilowe mumtima. M'mutu munkangobwerera mawu aja a nsapato.

Nyimbo za ku chisakasa zinayamba kuchepa. Kanjira kanakwera pa kamlatho ka matabwa, pamwamba pa dambo la madzi obiriwira pamene achule anangoti duu, maso okha panja. Pamenepo m'pamene tintchentche tinandipeza. Tinalowa m'tsitsi, kuseri kwa makutu, m'khosi mwa diresi. Kamodzi kanandiluma pachikope cha kumanzere. Ndinathothola nthambi ya msondodzi n'kumadzikupiza nayo ngati ng'ombe ndi mchira wake.

Kutsogolo kunatulukira bambo wachikulire wa ndodo ziwiri zoyendera, akuyenda mwamphamvu, chipewa chaukonde kumaso.

"Moni, mwana wanga. Wasiya vanila kunyumba?"

"Eya, ndaiwala," ndinayankha.

Atadutsa m'pamene ndinazindikira chimene ndinkayang'ana. Zinali nsapato zawo, za buluu, zingwe zake zachikasu.

Ndinaima pakati pa njira. Ndinati chabwino, tione. Ndinadzutsa mutu, ndinabweza mapewa kumbuyo, n'kuyamba kuyenda monga amayendera mayi Raushan, mapazi ataliatali, maso ali kutali ngati kuli munthu amene akundidikira ndi nkhani yofunika. Sindinapite patali. Muzu wa popula unandikola ndipo ndinagwa ndi bondo limodzi. Diresi yobiriwira inatenga matope, ndipo thonje linamatirira pa matopewo. Ndinayang'ana uku ndi uku. Kunalibe munthu, ndipo ndinakwiya kwambiri poona kuti zimenezo zandisangalatsa.

Kanjira kanathera pamene mtsinje umatambasuka. Panali benchi yoyang'ana kumadzi, ndi chitsa cha mtengo waukulu umene anaudula utagwa. Kutsidya kunali mchenga woyera ndi ng'ombe za winawake. Bwato lalikulu lonyamula mchenga linkakwera mtsinje pang'onopang'ono moti unkachita kuliyerekeza ndi mtengo kuti udziwe kuti likuyenda. Pa bwatopo mwamuna wina ankayanika malaya.

Ndinakhala pa benchi n'kutulutsa chingwe. Chinali chitapindika monga ndinachipindira, chikununkhirabe khola lathu pang'ono ngakhale ndinachichapa. Foni inanjenjemera m'thumba. Ndinaisiya. Inanjenjemeranso.

Wodula chingwe amadalitsa mwana asanadule. Mawu anga ndinali nditawakonza kalekale, ndikumawanena monong'ona potsuka mabotolo a Inkar. Ndinaimirira, ndinayang'ana chitsa chija, n'kuwanena mokweza.

"Uyende osapunthwa, Inkar. Ukagwa udzuke msanga. Kumene maso ako aona, mapazi ako akafikeko. Pakhomo pamene walowa akulandire, ndipo pamene watuluka akusowe."

Anatuluka bwino, mawu athunthu, osanjenjemera. Mbalame ina inauluka m'bango. Ndinawanenanso, ndipo kachiwiri anakoma kuposa poyamba. Ndinakhalanso pansi, chikope chikutupa, ndikudziwa kuti ndadalitsa chitsa.

Saltanat ndinamumva asanaoneke, chifukwa Inkar ankaimba nyimbo yake ya mawu amodzi. Anatulukira m'mitengo mwana ali m'chiuno, nsapato zake zazitali zitasanduka zamatope, thonje lili m'tsitsi limene anakonzetsa dzulo lake.

"Ukudziwa kuti ndazungulira paki yonseyi ndi nsapato izi?"

"Palibe anakutumani."

"Foni yako ndi yokongoletsera thumba?" Anaima patsogolo panga akupuma mwamphamvu. "Taona diso lakolo. Ndi diresi. Wamenyana ndi ndani?"

"Ndi muzu."

"Bweretsa chingwe."

Inkar anatambasula manja kuti ndimutenge. Ndinamulandira ndi kumukhazika pamiyendo, ndipo nthawi yomweyo anayamba kutola thonje pa bondo langa n'kumaliika m'kamwa. Ndinamulanda.

"Meruert, Azakhali afika. Nyama ikuzizira. Nsalu ayala kale. Apongozi akundiyang'ana ngati ndawabera nkhosa."

"Apote china. Ubweya uli pa juzi yawo."

Saltanat anafuna kuseka koma anadzigwira. Anakhala pa benchi, anavula nsapato imodzi n'kuyamba kuipala ndi kamtengo. Kwa kanthawi tonse tinayang'ana bwato lija. Linali lisanadutsebe ng'ombe.

"Tamvera," anatero motsitsa mawu, ngakhale kunalibe womva. "Pano palibe munthu. Timumange pompano. Ndili ndi kalumo ka zikhadabo m'chikwama, udule iweyo. Kenako tilumikize, mfundo tiibise kuseri kwa mwendo. Azakhali akadule chodulidwa kale. Mulungu adziwa kuti woyamba ndiwe."

"M'tchire."

"Nanga vuto n'chiyani?"

"Ngati ndikuba."

"Iwe anthu umawaopa. Ndikukupeputsira."

"Ndikufuna aone."

Anasiya kupala nsapato n'kundiyang'ana. Inenso ndinadabwa, chifukwa sindinadziwe kuti ndi zimenezo mpaka nditazinena. Chaka chonse abale a alamu akabwera kunyumba ndinkawathirira tiyi, kuwalandira makoti, kuchotsa mwana akayamba kulira. Ena mpaka lero ankanditcha "mtsikana uja." Ndinkafuna kuti tsiku limodzi andiyang'ane onse, ndili ndi mpeni m'manja, ndipo Inkar akadzakula n'kufunsa kuti anandidula chingwe ndani, yankho lidzakhale limodzi m'nyumba zonse.

"Apongozi anu atanena, inu munati chiyani?" ndinafunsa.

"Ukudziwa mmene alili."

"Munakana?"

"Mtengwa amakana?"

"Firiji ija munakana. Anati mugule yaing'ono, inu munagula yaikulu, ndipo sanakulankhuleni mpaka Lachisanu. Apa munayesako?"

Anavalanso nsapato ija, n'kuimanga pang'onopang'ono.

"Sindinayese," anatero. "Ukufuna zoona? Ndimakukonda, ukudziwa. Koma ndimakuona m'sitolo. Umaima pa kauntala, buledi ali m'manja, anthu akukudutsa mmodzimmodzi, iwe osatsegula pakamwa. Tsiku lija unatsika basi kutali chifukwa unachita manyazi kuuza dalaivala kuti aime. Atanena apongozi, ndinagona ndikuganiza. Sindikufuna Inkar azidzadutsidwa chotero."

"Ndiye mumakhulupirira."

"Sindikhulupirira. Ndi chingwe chabe cha nkhosa za amayi." Anachotsa thonje pa tsaya la Inkar. "Koma ndi mwana wanga."

"Kumulera kokha ndiye ndimatha. Pamenepo sanditengera."

"Sindinanene choncho."

"Mwanena, achemwali."

Ndinaimirira, ndinabweza chingwe m'thumba, n'kuyamba kubwerera. Saltanat anatambasula dzanja kuti ndimupatse chingwecho, koma ndinachita ngati sindinalione.

Pobwerera Inkar anakana kunyamulidwa. Anapindika msana n'kulira mpaka ndinamutsitsa, ndipo anagwira chala changa n'kuyamba kuyenda, miyendo tang'atang'a. Ankaima pa chilichonse: nyerere, kapepala ka switi, mthunzi wake. Saltanat ankatsogola, n'kuima, n'kuyang'ana foni, n'kubwerera.

"Munyamule, Meruert, chonde."

"Akuyenda. Si zimene tabwerera?"

Pa kamlatho ndinamunyamula ndekha chifukwa matabwa ena anali otalikirana. Nyimbo zinayamba kumveka, kenako fungo la nyama yootcha.

Nsalu yoyera yaitali inali itayalidwa pa udzu kutsogolo kwa chisakasa. Abale anaima mbali zonse ziwiri, azimayi atagwira mbale za maswiti oti amwaze. Mayi Raushan anali kumutu kwa nsaluyo, atavala suti yofiira, mpeni wa chigwiriro cha nyanga m'dzanja limodzi, makiyi m'dzanja linalo.

"Abwera othawa aja," anatero mokondwa. "Ndimati mwaoloka mtsinje."

Mayi Kulyash sanaseke. Anayang'ana diresi yanga, diso langa, kenako anatambasula dzanja. Ndinatulutsa chingwe, koma sindinachipereke.

"Anandilonjeza ine," ndinatero.

"Wati chiyani?"

Wina anazimitsa nyimbo. Ndikuganiza kuti anali alamu, ndipo mwina ankafuna kundithandiza. Kunakhala chete moti ndinamva mafuta akudontha pa makala.

"Achemwali anandilonjeza kuti ndidula ine."

Ndinayang'ana mpango wawo, osati maso, komabe sizinali nsapato. Saltanat anali kumbuyo kwanga ndipo ndinamumva akukoka mpweya. Mayi Kulyash anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kani pakamwa pali bwinobwino," anatero. Anthu ena anaseka pang'ono. "Chabwino. Lonjezo ndi lonjezo, ngakhale la kuchipinda. Sindifuna amayi ako akamve kumudzi kuti tinalanda mwana wawo mpeni. Raushan, mpatse."

"Kwa ine palibe vuto," anatero mayi Raushan akugwedeza makiyi. "Ndadulira ana ambiri chingwe ine, ena ali kulikulu ku Astana. Tenga, mwana wanga. Ndi wakuthwa, usamale."

Mpeni unali wofunda chifukwa cha dzanja lawo.

"Koma wodula amadalitsa," anapitiriza mayi Kulyash. "Mokweza. Agogo ali kumbuyo uko amve, makutu awo ndi olemera."

Anatenga chingwe, anagwada movutikira, n'kumanga timiyendo ta Inkar mopingasa, kuzunguliza uku ndi uku. Saltanat anamugwira m'khwapa kuti aime. Ndinagwada kutsogolo kwake pa nsalu yoyera, ndipo bondo langa lamatope linasiya chidindo. Anthu onse anatambasula zikhatho zawo m'mwamba kudikira dalitso. Achinyamata anagwira mafoni ndi dzanja limodzi, linalo atatambasula.

Mawu onse analipo. Ndinkawaona m'mutu mwanga atandandalika, loyamba mpaka lomaliza. Ndinatsegula pakamwa ndipo lilime linali ngati chikopa chouma. Ndi diso limodzi lotseguka bwino ndinkaona zikhatho, zikhatho zokhazokha, zina za mphete, zina za mafuta a nyama. Wina anatsokomola. Kamwana kena kanafunsa kuti maswiti amwaza liti, ndipo amayi ake anakatseka pakamwa.

"Yamba," ananong'oneza Saltanat. "Uyende osapunthwa. Chilichonse. Yamba."

Sindikudziwa kuti anandimva liti ndikuyeserera, mwina kukhitchini. Kumva mawu anga m'kamwa mwake sikunandithandize.

"Wayamba?" anafunsa agogo aja kumbuyo, mokweza monga amachitira anthu osamva bwino. "Sindikumva kanthu ine."

Inkar anatopa. Anafuna kubwera kwa ine, anakoka mwendo, chingwe chinamugwira. Anayang'ana pansi modabwa, anakokanso mwamphamvu, ndipo ubweya unamukanda pakakolo. Mlomo wake wam'munsi unatuluka. Kulira kumeneko ndimakudziwa, kumayamba mopanda mawu, nkhope itafiira, kenako kumaphulika. Sindinaganize. Ndinalowetsa chala pakati pa chingwe ndi khungu lake, ndinaika mpeni, n'kudula.

Chingwe chinagwera pa nsalu, mbali yakuda ndi yoyera zikumasukana. Zikhatho zinali zikadali m'mwamba. Anthu anayang'anana. Bambo wina anati "Amin" mokayika, yekha, ndipo anatsitsa manja msanga.

Mayi Raushan ndiwo anatseka dzenjelo. Anaponya makiyi m'thumba, anagwira dzanja la Inkar, n'kuyamba kudalitsa ndi mawu amene anamveka mpaka kumagalimoto: akhale wachangu, akhale wolemera, aone maiko, adzasamale makolo ake. Anthu anayankha "Amin" onse pamodzi, momasuka, n'kupukuta nkhope ndi zikhatho. Maswiti anagwa ngati matalala. Mayi Raushan anayendetsa Inkar pa nsaluyo mofulumira moti timapazi take tinkangokhudza pansi, ndipo mafoni onse anawatsatira. Nyimbo zinayambanso. Ine ndinali ndikadagwada kumayambiriro kwa nsalu, mpeni uli m'manja, switi imodzi itandigwera m'khosi mwa diresi.

Mayi Kulyash anabwera ndi mphatso ya wodula, mpango wa silika ndi bokosi la ndolo zimene zinagulidwira makutu a mng'ono wawo. Anandiika mpangowo paphewa n'kulandira mpeni.

"Zako izi. Wadula," anatero. Sanakwiye. Anatola zidutswa za chingwe n'kuzikulunga m'kansalu. "Tiziona."

Pa chakudya anandikhazika pamalo abwino, pafupi ndi akuluakulu, n'kundipatsa nyama ya ulemu. Alamu anandibweretsera sipuni yozizira kuti ndiike pa diso, ndipo sananene nthabwala iliyonse, chimene chinandipweteka kuposa nthabwala. Ndinadya pang'ono. Saltanat ankathira tiyi kumapeto kwa mphasa, maso ali pa makapu.

Dzuwa litapendeka kunafika mlendo wochedwa, msuweni wa alamu wa ndevu zambiri ndi mawu aakulu. Anapereka moni kwa akuluakulu, kenako anagwada pamene Inkar anaima atagwira siketi ya amayi ake.

"Uyu ndiye mwini phwando? Tabwera kuno, kamwana, upereke moni kwa amalume."

Inkar anamuyang'ana, anayang'ana pansi, n'kubisa nkhope m'siketi.

Mayi uja wa buledi anayang'ana mnzake, ndipo onse awiri anatembenukira kwa ine. Mayi Kulyash anapitiriza kumwa tiyi wawo. Ndinafuna kunena kuti amatero kuyambira kale, kuti mwana aliyense wa msinkhu wake amaopa ndevu, kuti anachitanso chimodzimodzi kwa dokotala mwezi watha chingwe chisanapotedwe n'komwe. Saltanat ankazidziwa zonsezi, anali nane kwa dokotalako. Ndinamuyang'ana kuti anene iyeyo, poti mawu ake amamveka.

Saltanat anaika dzanja pamutu pa mwana wake, anandiyang'ana kanthawi, kenako anafunsa mlendoyo ngati tiyi amamwa wa mkaka.